Chitenje cha pa Nasolo, nsapato za ku Swansea

Ndikukumbukira bwinobwino tsiku limene azakhali anga a Esnati anandiwaza khofi kumtsinje wa Nasolo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili Sitandade 2, poti masiku amenewo sukulu sunkayamba mpaka dzanja lidutse pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo, ndipo ine manja anga ndi aafupi mpaka lero.

Tinkakhala ku Ndirande, kumtunda kwa msika. Amayi anali ndi chitenje chimodzi chokha chabwino, cha maluwa achikasu, chimene abambo anawagulira ku Limbe. Chinali cha kutchalitchi ndi kuukwati basi. Loweruka lina anatituma ine ndi azakhaliwo kuti tikachape. Dzuwa linali likuswa mtengo, kuphiri kokha ndi kumene kunali bii. Ine ndinawoloka timadzi tolekeza m'mapazi, n'kukayanika chitenjecho pamwala waukulu wa pakati pa mtsinje, kenako n'kubwerera kudzatsukuluza zina.

Mwadzidzidzi azakhali anasiya kuchapa n'kuimirira. Madzi amene anali oyera aja anali atayamba kufiira, masamba ndi zitsononkho zikuyandama.

"Feli, tuluka m'madzimo!"

"Azakhali, chitenje cha amayi!"

"Ndati tuluka, iwe!"

Ine liwiro kulowera kumwala. Anandigwira diresi kumsanaku, kundikwekweza ngati mbuzi yokana kupita kumsika, ndipo titangoponda pouma, khofi lija phaa! Ndisanayambe n'komwe kulira, tinamva mkokomo. Madzi anatsika ndi mitengo, ndi nthochi zozuka, mwala uja osaonekanso. Pamene tinaima ife sipanagwe ngakhale dontho la mvula.

Ndinalira njira yonse, osati chifukwa cha khofi, koma chitenje. Amayi atamva nkhaniyo anangokhala pansi pakhonde, n'kundiika pamiyendo, chimwana chachikulu kale, n'kumandisisita mikono ngati akuwerenga mafupa. Za chitenje sanatchule, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse. Azakhali ndi amene anati, "Madzi alibe pakamwa, Feli. Ukangoona asintha, siya chimene wagwira."

Mumtima ndinawasungira azakhaliwo kachakukhosi zaka zambiri. Ndinkati ndikanathamanga ndikanachipeza.

Tsono chaka chatha mwana wanga Thoko, amene ndi nesi, anandiitana ku Swansea, m'dziko la Wales, ku Ulaya uko. Ine wa Sitandade 6, kukwera ndege! Za m'ndegemo ndisayambe, kachimbudzi kake kokha ndi nkhani ya tsiku lonse. Mzindawo uli m'mbali mwa nyanja yamchere, uli ndi doko, maboti ali ndandanda ngati maminibasi pasiteji, kungoti palibe woitanira. Zikwangwani amalemba m'zinenero ziwiri, Chingerezi ndi chawochawo, ndipo chawocho Thoko yemwe chimamukanika.

Anandiyendetsa, mwana uja. Kumsika wawo waukulu anandigulira tinkhono tophika ta m'kapu, ndi ndiwo ina yakuda ya ndere za m'nyanja, yoterera ngati therere lopanda tomato. Ndinadya kuti ndisamuchititse manyazi. Tinapita ku Mumbles kukaona nsanja ya nyali yowongolera sitima, ndi chinyumba cha mafumu akale chopanda denga, chimene anthu amachijambula mpaka kugwada. Ndinati kwathu mphepo ikasasula denga timalira, kuno mukudyera ayisikilimu pamenepo, m'chisanu chotere!

Tsiku lomaliza kuyenda tinapita kugombe lina la ku Gower, ine, Thoko ndi mdzukulu wanga Mwayi, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Thoko anali atandiuza kuti nyanja ya kumeneko imachoka n'kubwerera kawiri patsiku, koma ndinkayesa akundiseka ukalamba. Titafika ndinaona ndekha: mchenga wokhawokha, madzi ali kutali uko.

"Amama, ndaiwala fulasiki m'galimoto," anatero Thoko. "Musapite patali, ndikubwera pompano."

Galimotoyo inali pamtunda, ulendo ndithu. Ine ndi Mwayi tinawoloka kamtsinje kena kodutsa pamchengapo, madzi olekeza m'mapazi. Tinavula nsapato n'kuziika pamwala, zanga ndi zake zapinki zowala kuchidendene, zimene anali atangomugulira pa tsiku lake lobadwa. Tinayamba kutola tizigoba, iye akundiphunzitsa Chingerezi, ine ndikumukonza Chichewa chake chothyokathyoka, mpaka mwala uja tinausiya kutali.

Sindikudziwa chimene chinandicheutsa. Kamtsinje kaja kanali katakula, ndipo kamayenda chobwerera, kuchoka kunyanja kupita kumtunda, katanyamula thovu ndi ndere. Mtsinje woyenda chammbuyo sindinauonepo chibadwire. Kumwamba kopanda mtambo, koma fungo la matope a Nasolo linandibwerera m'mphuno.

"Mwayi, bwera kuno."

"Agogo, nsapato zanga!"

Abale inu, ndinamva mawu anga omwe akutuluka pakamwa pa mwana. Anali atayamba kale kuthamangira kumwala. Ndinamugwira jekete. Chitenje chimene ndinamanga pamwamba pa thalauzi, chimene Thoko ankati ndisiye kunyumba anthu andidabwa, ndinachimasula n'kumubereka nacho, akupalapata, akundimenya zibakera kumsana. Ndinalowa m'madzimo. Kuzizira kwake ngati akukucheka ndi lezala. Analekeza m'mawondo, kenako m'ntchafu, mchenga ukuthawa pansi pa mapazi. Ndinkangoti Ambuye, mwana wa eni, Ambuye, mwana wa eni, ngati kuti si magazi anga.

Titaponda pouma ndinaona Thoko akutsika chothamanga, fulasiki atataya. Bambo wina wachizungu wa galu anafika naye limodzi, akuloza madzi, akuyankhula mofulumira. Thoko anati akunena kuti tikanachedwa pang'ono pakanafunika boti. Titacheuka, mwala uja unali utazunguliridwa, tinsapato tapinki tili pamwamba, kenako funde limodzi n'kukokolola nsapato zonse.

Khofi sindinamumenye Mwayi, musaope, kumeneko amamanga. Koma dzanja langali linkafuna pogwera. Ndinakhala pansi pamchenga wonyowawo, n'kumuika pamiyendo, iye akulirira nsapato, ine ndikumusisita mikono. Tinabwerera kunyumba osavala kuphazi tonse awiri, hita ya m'galimoto ikutiwotcha zala, Thoko akuseka kwinaku akupukuta misozi.

Azakhali a Esnati anatisiya kalekale, ali kumanda a ku Ndirande komweko. Zaka zonsezi ndinkayesa khofi lija linali ukali. Zinatengera kuwoloka nyanja ndi ndege kuti ndidziwe kuti anali mantha, ndiponso kuti ndidziwe chimene amayi ankawerenga pakhonde paja. Nditangobwerako ndinagula chitenje cha maluwa achikasu ku Limbe. Ndimavala kutchalitchi, ndipo amayi anzanga a m'kwaya akandifunsa ngati ndi cha ku Ulaya, ndimangoti ayi, ndi cha pa Nasolo.