Njere Imodzi ya Thonje

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Gama, m'mphuno mwanga mumabwerera fungo la guluu womatira machubu a njinga, losakanikirana ndi utsi wa fodya wopichira m'nyuzipepala. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Rodeshiya, m'tauni ya Kadoma, komwe masiku amenewo tinkati ku Gatuma, ndipo tsiku lonse pankamveka masipanala akugundana, pampu ikupuma, ndi chifuwa chawo chouma chimene anatuluka nacho mumgodi. Ine ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkaswera kwa iwo amayi akapita kufakitale ya nsalu.

Agogo ankaukonda mpando, tisabise. Ndi iwo anayambitsa bungwe la maliro la anthu ochokera ku Nyasalande, ataona mnzawo wa mumgodi akuikidwa popanda ndi nyimbo imodzi yomwe. Kuchokera tsikulo anali tcheyamani, ndipo msonkhano sunkayamba iwo asanalize kabelu ka njinga komwe ankayenda nako m'thumba la jekete. Maliro akagwa ku Chegutu, komwenso kunali anthu athu ambiri, ankapalasa njinga mtunda wonsewo, n'kubwerako akutsokomola ngati afa.

Chaka chimene azungu anamanga Chitaganya, kulumikiza dziko la kwathu ndi maiko awiri a Rodeshiya, agogo anatilalatira m'makutu mpaka tinatopa nawo.

"Atimanga mtolo umodzi ngati nkhuni, osatifunsa n'komwe!" ankatero.

Tsiku lina agogo aakazi, Anaphiri, akusenda mtedza, anayankha osadzutsa mutu: "Nanga inuyo, a Gama, mpando wa bungwewo munafunsa ndani?"

Agogo sanadye masana amenewo. Patatha sabata anaitanitsa anthu onse kuti apange malamulo a bungwe. Anakangana Lamlungu atatu, telala wa pafupi nafe akulemba m'kope la sukulu, ndipo lamulo lililonse linkawerengedwa mokweza mpaka onse avomere. Anayi oyamba ndimawadziwabe pamtima. Tcheyamani azisankhidwa zaka ziwiri zilizonse. Aliyense, mwamuna kapena mkazi, wa kumzikiti kapena wa kutchalitchi, ali ndi njere imodzi yoponya posankha. Munthu mmodzi sangasinthe lamulo. Lachinayi linali lakuti wina asafunse mnzake kumene waponya njere yake.

Agogo anavomera zonsezo akumwetulira, chifukwa m'mutu mwawo munalibe zoti wina angaime nawo. Koma anthu a ku Chegutu anabweretsa Che Amidu, bambo wofatsa woomba nsalu kufakitale ya kumeneko. Anthuwo anati atopa kusunga maliro podikira njinga ya mdala.

Tsiku losankha anapachika bulangete pachingwe choyanikira zovala, kuseri kwake n'kuikako zitini ziwiri za jamu zoboola pachivundikiro. Cha agogo anachimanga kansalu kofiira. Aliyense anapatsidwa njere imodzi ya thonje, n'kumalowa yekhayekha. Ndimawaonabe azimayi aja akukonza maduku asanalowe, ena akuseka ndi manyazi, poti m'dzikolo palibe anali atawafunsapo maganizo pa chinthu chilichonse. Atakhuthula zitini pamphasa n'kuwerenga kawiri, Che Amidu anaposa agogo ndi njere imodzi yokha.

Kenako a Banda, mnzawo wa agogo wa mumgodi, anasendera pafupi.

"Aikona, mdala! Chotsani njere za azimayizi tiwerengenso. Bungweli si lanu kodi? Ng'ambani tsamba la malamulolo, atani?"

Kope linali pamwendo pa agogo, ndipo ndinaona chala chawo chitagwira pakona pa tsamba loyamba. Anthu ambiri akanawalola, poti ndi iwo anaika abale awo m'manda. Anatsokomola nthawi yaitali, napukuta pakamwa.

"A Banda, ndikang'amba, ndisiyana pati ndi a Chitaganya aja?"

Anaimirira, n'kupereka kope ndi kabelu kwa Che Amidu ndi manja awiri.

Musaganize kuti sizinawapweteke. Zinawapweteka kwambiri. Kwa miyezi sanatinyogodole ngati kale, ndipo dzanja lawo linkapitabe m'thumba la jekete kukafuna chinthu chomwe munalibe. Tikamadya nsima, yomwe kuno timati sadza, ankawayang'ana agogo aakazi nthawi yaitali, n'kutsegula pakamwa.

"Anaphiri..."

"Ee?"

"Ndiwozi mchere wachepa."

"Funsani chomwe mukufuna kufunsacho, a Gama. Sadza ikuzizira."

"Lamulo lachinayi," ankatero agogo aamuna, n'kutema mbamu.

Anamwalira patapita zaka zinayi, Chitaganya chisanathe. Che Amidu, omwe anali atasankhidwanso, anafika m'mawa ndi anthu a ku Chegutu. Asilamu anakumba manda, Akhristu anaimba, ndipo kabelu kaja kanalira kamodzi bokosi likutsika. Ndinalira mpaka mawu anauma.

Ndili mayi wa ana atatu, agogo aakazi atakalamba zosaonanso, anandigwira mkono tsiku lina tikuothera dzuwa.

"Mwanawe, njere imene inawagwetsa agogo ako ija inali yanga. Njinga ya ku Chegutu ikanawapha msanga ndi chifuwa chija. Ndinkadikira andifunse kuti ndiwauze chifukwa chake. Koma nkhakamira ija, mpaka kumanda osafunsa."

Lero mtengo wa mango uja anaudula, ndipo zidzukulu zanga ndikaziyankhula Chichewa zimandiyankha m'Chishona. Kope lija sindidziwa linathera kuti. Koma ndikalowa ndekha m'kachipinda koponyera voti, fungo la guluu limandipeza momwemo, ndipo ndimawasowa agogo koopsa. Ndimalakalaka nditakhalanso pansi pa mtengo uja kamphindi chabe, ndiwanong'oneze kuti mkazi wawo sanawakane. Komatu ndimawadziwa a Gama. Akananditseka pakamwa ndi dzanja lawo lakuda ndi girizi lija, n'kunena kuti, "Lamulo lachinayi, mwanawe."