Bafa la Pansi la a Maness

Tayerekezani kuti ndi m'mawa wamba wa mwezi wa Juni, chaka cha 1968, ndipo mwaima pa msewu wafumbi wochokera ku Malemia. Nkhungu ikadali pa phiri la Zomba, kamphepo kake kakulowa m'malaya. Amayi akuchokera kumtsinje ndowa zili pamutu, ana a sukulu akuthamanga miyendo ili mbuu, bambo wina akukankha njinga yolemedwa ndi thumba la mpunga. Onsewa akafika pa mtengo wa mbawa akutembenuza khosi n'kuyang'ana kumwamba. Ngakhale wosenza ndowa akuyesa ndithu, madzi n'kumukhavukira pamsana. Chimene akuyang'ana ndi nyumba yosanja, imodzi yokhayo m'dera lathu masiku amenewo. Anaimanga mzungu wina wolima fodya. Ufulu utabwera iye anabwerera kwawo, makiyi n'kusiyira khukhi wake, Che Ramadhani, kuti akapezeka wogula amuonetse.

Munthu amene ndikufuna mumudziwe ndi Maness. Ndinamuphunzitsa ali wamng'ono, ndipo anali mwana wa mafunso osokoneza phunziro. Tsiku lina ndinafotokoza za sitima yapamadzi yoyenda milungu itatu osaima. Ana onse anafunsa za kukula kwake. Maness anakweza dzanja n'kufunsa kuti anthu a m'sitimamo zovala amayanika pati. Anzake anamuseka.

Atakula anakwatiwa ndi a Stewart Maliro, kalaliki wa pa ofesi ina ku Zomba, munthu waulemu, wovala tayi ngakhale Loweruka. Monga mwa mwambo wathu, a Maliro anadzamanga kwa mkazi, pakhomo pa apongozi awo, a Rabecca. Anakhalapo zaka khumi osayambana ndi munthu. Chimene chinkawadya mumtima chinali bafa la udzu. Iwo anali aatali, ndiye akamasamba mutu unkaonekera pamwamba pa mpanda, ndipo aliyense wodutsa ankawapatsa moni. Ankayankha thovu lili kumaso. Atamva kuti nyumba yosanja ija ili ndi bafa la m'kati, loyera, loti munthu amagonamo, mtima wawo unasamukira komweko thupi lisanapite.

A Rabecca anali amasiye, ndipo nyamakazi inali itawagwira maondo onse awiri. Ana awo aamuna anali atakwatira kutali. Wowayang'anira anali Maness yekha. M'mawa uliwonse ankawafunditsira madzi, kuwagwira mkono mpaka kubafa, n'kuwaimirira pomwepo kuti asagwe.

Tsiku lokaona nyumba a Maliro anandipempha kuti ndiwaperekeze, ndikawawerengerenso kalata ya Chingerezi ya mwini nyumba. Maness anabwera pambuyo pathu atasenza ndowa yodzaza madzi.

"Mai a Irene, ndowayo ndi ya chiyani?" anafunsa a Maliro. Irene anali mwana wawo woyamba.

"Si mwati kuli bafa? Ndati ndione njira yake."

"Madzi amakwera okha ndi pampu! Eti, Che Ramadhani?"

Che Ramadhani anakanda pansi pa chipewa. "Ankakwera, bwana kalaliki. Pampuyo inafa chaka cha chisankho. Kuyambira pamenepo pampu ndinali ine."

Tinakwera masitepe. Pokhotera pake denga linali lotsika, loti wosenza ndowa sangadutse. Maness anaitula, n'kuinyamula m'manja, madzi akutayikira pa nsapato za mwamuna wake. Kumwambako tinalowa chipinda chachikulu chogona, ndipo bafa linali kuseri kwa chitseko cha m'chipinda momwemo. Njira ina yolowera kunalibe. A Maliro analisisita m'mphepete ngati ng'ombe yongogula kumene.

"Ndi lokongola, bambo a Irene," anatero Maness. "Nanga amayi azikasamba kuti?"

Funso limeneli linali ndi minga iwiri, ndipo tonse tinaimva. Maondo a mayiwo sakanakwera masitepe khumi ndi asanu. Ndipo ngakhale akanakwera, mpongozi salowa kuchipinda kwa mkamwini. Kwathu kuno awiriwa akakumana panjira, wina amapatukira kutchire.

A Maliro anakonza tayi. "Amayi angotsala kumudzi, anazolowera. Tizikawaona Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi."

Maness sanatsutse. Anangopempha kuti mayi ake nawonso adzaione nyumbayo, asadzamvere kwa anthu. Loweruka lotsatira tinawabweretsa atakhala pakaliyala, ine ndikukankha njinga. Anawakhazika pamphasa m'chipinda chapansi, atayang'ana kukhoma. A Maliro anaima panja pakhonde atayang'ana kuphiri. Mawu onse ankadzera mwa Maness, amene anaima pakhomo.

"Uwauze bambo a Irene kuti nyumba njabwino," anatero a Rabecca. "Mvula singalowe."

"Uwauze amayi kuti ndathokoza," anatero a Maliro. Ndipo pofuna kuonetsa zodabwitsa, anafuula: "Che Ramadhani, tathirani ndowa ya madzi m'bafa, amayi amve mmene amatsikira okha!"

Che Ramadhani anathira. Madzi anayamba kulira khokhokho m'paipi imene inkadutsa pansi pa denga, pamwamba penipeni pa mutu wa a Rabecca. Iwo anakweza maso.

"Maness, chikulira n'chiyani?"

"Ndi madzi a m'bafa, amayi. Bafalo lili pamwamba panupa."

Mayiwo anayang'ananso paipi ija. Kenako anati, "Uwafunse bwinobwino, mwaulemu. Ndiye kuti iwo akavula uko, ine ndili pansi pano?"

Maness sanafunikire kubwereza. Ndinaona makutu a a Maliro akugwedera. Che Ramadhani, amene anamva zonse ali pa masitepe, anatsokomola nthawi yaitali kwambiri. Mzungu uja pomanga nyumba anaganizira mphepo, dzuwa ndi chiswe, koma apongozi ake anali kutsidya kwa nyanja, ndiye za iwo sanaganize.

Zinthu zinaonekera poyera tsopano. Mayiwo akalowa m'nyumbamo, bafa la kumwamba latha ntchito. Bafalo likagwira ntchito, mayiwo atsala okha kumudzi. A Maliro anasankha bafa, nyumba n'kugula.

"Mwachita bwino kugula," anatero Maness. "Ine ndizibwera kudzasesa. Koma kugona ndizigona kumene kuli amayi."

Ana nawonso anatsala ndi mayi wawo, pakuti kuno ana ndi a kuchikazi. Motero a Maliro anasamuka okha, ndi sutikesi, mpando umodzi ndi tawulo latsopano. Madzi ankatunga okha, atanyamula ndowa m'manja chifukwa kusenza sankadziwa. Ndowa imodzi ikathiridwa m'chibafa chija, madzi ankalekeza m'zidendene. Anayesa ndowa zitatu, koma pofika yachitatu yoyamba inali itazizira, iwo thukuta lili kamukamu, nthawi ya ku ntchito itakwana. Anzawo okwera nawo njinga ankawafunsa, "Achimwene, lero mwasambira kumwamba?" Iwo ankayankha kuti eya, n'kupalasa mofulumira.

Maness ankabweradi kudzasesa, mwamuna wake atapita ku Zomba. Koma tsiku lina anafika kunyumba kwanga.

"Aphunzitsi, mundibwereke tchizulo ndi hamala."

"Zosesera zimenezo?"

"Pali fumbi lina louma kwambiri, aphunzitsi."

Pansi pa nyumbayo, pafupi ndi khitchini, panali kachipinda ka simenti kamene mzungu ankasungiramo zitini za chakudya. Maness anaboola khoma m'munsi mwake kuti madzi azitulukira kunja. Zinamutengera masiku asanu ndi anayi, ndipo m'manja munatuluka matuza. Kunja anakumba kangalande kolowera ku nthochi. M'katimo anasanja njerwa kupanga pokhalira, kutalika kwake atayeza ndi chingwe kuchokera pa chidendene cha mayi ake kufika pa bondo. Che Ramadhani anamuzulira paipi ya pampu yakufa ija, ndipo anaikhoma m'khoma kuti ikhale pogwira. "Kasanu ndi kawiri ndinaikonza pampu imeneyi," anatero mkuluyo. "Lero ndiye yagwira ntchito."

Patatha milungu itatu a Maliro anali ataonda, makolala a malaya atada. Loweruka lina Maness anawatsegulira kachipindako. Anayang'ana bowo, pokhalira ndi pogwira paja. Sanali munthu woipa mtima, ndipo ndikhulupirira kuti nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi yopanda phokoso la mwana inali itawaphunzitsa zimene ine sindikanatha kuwaphunzitsa.

"Chabwino, amayi abwere," anatero. Kenako anaganiza pang'ono. "Nanga ine ndizisamba kuti? Kumwamba sikutheka. Muno ndi mwa amayi."

"Udzu ndamweta kale, uli kuseri," anatero Maness. "Mitengo ndi luzi zilinso pomwepo."

A Maliro anavula tayi n'kumanga bafa la udzu kuseri kwa nyumba yosanja. Analimanga mwaluso, pakuti anali ndi zaka khumi za maphunziro, ndipo ulendo uno mpanda anautalikitsa kupitirira mutu wawo. Chibafa choyera chija Maness ankasungiramo mbewu ya mpunga, chifukwa makoswe ankaterereka akafuna kukwera.

Aphunzitsi achinyamata akamafuna nyumba amandifunsa ngati bafa la pansi lili ndi ntchito. Ndimawauza kuti ayambe awerenga maondo a anthu onse amene adzagone m'nyumbamo, kenako aone kuti ndani angadutse pachitseko cha ndani. Ambiri amaseka, poti maondo awo akadali abwino.

A Rabecca anasamukira m'nyumbamo mu Ogasiti chaka chomwecho. Anakhala ndi mwana wawo ndi zidzukulu zawo zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka anamwalira mu 1975, ndipo zaka zonsezo ankasamba okha, atakhala pansi, popanda wowagwira mkono.