Timatumba ta M'mitsempha

Chaka chimene dzanja langa lamanja linayamba kuchita dzanzi, ndinkaphwanya miyala m'mbali mwa msewu ku Mtendere. Ndinaopa kuti mitsempha yanga yatha ngati kandulo. Nanga ana akanadya chiyani?

Ku kiliniki adokotala anaseka. "Amai, mitsempha siitha choncho. Kumapeto kwake kuli timatumba totsanulira uthenga ku minofu. Timatumbato tikakhuthula uthengawo, mtsempha umatitolanso n'kutidzaza, monga vigubu vanu pa pompi. Ntchito ikakula, umatitola msanga. Inu mtsempha wangopanikizika. Pumulani masabata awiri."

Pobwerera ndinakumbukira mkazi wamasiye uja wa m'Baibulo amene mafuta sanathe m'nsupa yake. Zaka zonsezo Ambuye ankandidzazira, ine osadziwa, osathokoza. Masabata awiriwo atatha ndinagwiranso nyundo, ndikuyimba chapansipansi.