Pamalo pa Mwana wa a Senderani

Achimwene anga anthu amawatchula a Senderani. Mkati mwa sabata amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, koma Lamulungu ndi iwo amene amaima pakhomo la tchalitchi, kulandira anthu ndi kuwapezera pokhala. Benchi idzaze bwanji, iwo amangofika n'kuti, "Senderani pang'ono, simunabwere nayo kuchokera kwanu." Ife onenepafe ndiye tinkaona nawo zakuda.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wowotcherera zitsulo, wamtali ngati bambo ake. Ankakhala kumapeto kwa benchi yoyandikana ndi zenera, poti pena paliponse miyendo yake sinkakwana. Tsiku lina m'mawa akupalasa njinga kupita kuntchito, lole ya mchenga inamugunda pamphambano. Ife pofika kuchipatala tinapeza atamufunditsa kale nsalu kumaso.

Achimwene sanalire pamaliro, ndipo zimenezo zinandiopsa. Anabwerera pakhomo la tchalitchi, jekete lawo lomwe lija, koma nyimbo osaimba, popemphera osatsinzina n'komwe. Pamalo pa mwana wawo ankaikapo chipewa, ndipo wofuna kukhalapo ankangomuyang'ana mpaka munthuyo achoke yekha. Tsiku lina nditawapititsira chakudya kuntchito anandiuza, maso ali pa nsapato, "Chemwali, ine ndimalowetsa anthu m'nyumba ya munthu amene sindikulankhula naye." Mwana tinali titataya kale, tsopano bambo akenso tinkawataya tikuona.

Ndiye Lamulungu lina, tchalitchi chitadzaza, nyimbo yoyamba ili mkati, ndinacheuka. Mayo ine! Pakhomo panali pataima dalaivala wa lole ija. Ndinamuzindikira, poti ndinamuona kukhoti tsiku limene anamumasula, ati vuto linali mabuleki. Anali ataonda, shati ikungolendewera m'mapewa. Koma abale, matchalitchi onse ali m'tauni muno, n'kusankha chathu?

Achimwene anali ataima naye maso ndi maso. Ndimawadziwa manja awo, amapinda chikopa chouma ngati pepala, ndiye ndinati lero tiona magazi m'nyumba ya Mulungu. Anthu anayamba kugwirana m'nthiti, nyimbo n'kumazilala benchi ndi benchi mpaka panatsala woimba limba yekha, amene sankaona kanthu.

Achimwene anamugwira munthuyo pachigongono. Sanamutulutse ayi. Anayenda naye pakati pa mipando, pang'onopang'ono, mpaka pazenera paja, n'kuchotsa chipewa.

"Khalani apa."

Dalaivala anawayang'ana. "Bambo, mukundidziwa koma?"

"Ndikukudziwani. Khalani."

Ine zinandikwana. Ndinakwiya, sindibisa, ndinakwiya mpaka makutu kulira. Ulaliki sindinaumve ngakhale liwu limodzi. Nditaona kuti achimwene palibe pakhomo, ndinapondaponda mapazi a anthu n'kutuluka kukawafuna. Ndinawapeza kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi, atagwira khoma ndi manja onse awiri.

"Achimwene, mutu ukuyenda bwino? Pamalo pa mwana wathu? Munthu amene uja?"

Atatembenuka ndinadzidzimuka. Nkhope yonse inali itanyowa. Chimwalirireni mwanayo, kanali koyamba kuona misozi yawo.

"Usaganize kuti n'zophweka," anatero. "Ndinafuna kumukanyanga pakhosi. Ndinati, Ambuye, gwirani manja angawa. Chemwali, ndalankhula nawo lero. Mawu oyamba ndi amenewo."

"Ndiye mpaka kumupatsa malo a mwana?"

Anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete. "Ndakhala ndikulondera thabwa ngati mwana wanga akusowa pokhala. Iye malo ali nawo kale kwa Atate, anamukonzera ndi Yesu mwini. Amene alibe malo ndi dalaivalayu. Wamuona mmene waonderamo?"



"Mwamukhululukira?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa. Lero ndangomukhazika." Ananditambasulira dzanja. "Tandigwira dzanja tilowe. Akacheuka n'kupeza palibe aliyense wa ife, aganiza kuti tamuthawa."