Kathanga ka malaya anu, aPhiri

Ndine Saidi, wa zaka 66, wosesa m'sitolo ya zinthu zakale ku Bur Dubai.

APhiri mnzanga, lero bwana wagulitsa kasitima kamatabwa kaja, chifanizo cha sitima yankhondo ya Angerezi yoyenda ndi mphepo. Mukukumbuka njenjete zitadya thanga lake? Munang'amba thumba la malaya anu n'kusokerapo. Bwana ankatifotokozera kuti yeniyeniyo inamenya nkhondo zaka mazanamazana zapitazo, ndipo itakalamba anaichotsa mizinga n'kuiphwasula padoko la kwawo. Inu munati, "Bola iyo, achimwene, inakathera kwawo." Tinaseka tsiku lija. Papita chaka tsopano chigonereni inu mumchenga wa eni.

Ndapempha bwana, wandilola kuchotsa kathangako asanakulunge katundu. Ine ndatopa, mawondo akukana, khalasi, monga amanenera Aluya kuno akati basi zatha, ndikubwerera kumudzi. Ana anu sanaone maliro, ndiye ndikufuna agwireko ngakhale kansalu ka bambo awo. Koma mudzi wanu sindiudziwa, munkangoti ku Chipata. Abale, amene mukudziwa ana a malemu aPhiri aja ankakhala ku Karama konkuno ku Dubai, chonde ndilembereni ndisanakwere ndege.