Timadontho ta mdzukulu wanga

Ine ndinakula ndikukhulupirira kuti makina sakana munthu woona mtima. Akakukana, ndiye kuti uli ndi kanthu kako. Ndinkaziona pa banki m'tauni muno: munthu walowetsa khadi, makina alimeza, ine kumbuyo kwake ndikugwedeza mutu kuti eya, wakuba wagwidwa. Nzeru za Sitandade 4 zimenezo, ndipo ndinamera nazo imvi.

Ndiye mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga woyamba, anabwera kudzakhala nafe ku Nabvutika pa tchuthi cha ku yunivesite. Kwa atate ake ku Chipangali anakana kupita, ati kulibe magetsi ndipo ali ndi ntchito ya pakompyuta yoti athe asanabwerere. Atate akewo sizinawakomere. Anali atamva kuti ana ena amachotsedwa sukulu n'kumangozungulira m'tauni ndi chikwama kumsana, makolo ali kalikiliki kumunda. Anandiimbira foni n'kundipatsa udindo woti ndimuyang'anitsitse mtsikanayo. Ngati akunama, basi ya ku Lusaka sakweranso, apite akathandize kukumba mtedza. Mawu omaliza akhale anga.

Ukazitape ndimaukonda, sindibisa. Ndinakokera mpando pakhonde, pomwe zenera limaonetsa tebulo, wailesi ili pakhutu koma yosatsegula. Pakompyuta yakeyo panali chithunzi chotuwa, chodzaza timadontho takuda ngati galasi lomwe ntchentche zagonapo mwezi wathunthu. Amadina, kudikira, kenako malembo ofiira. Iye n'kugwira mutu. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinati basi, makina amudziwa ameneyu.

Ndinalowa ngati ndikufuna machesi.

"Mkazi wanga wamng'ono, timadontho timeneti ndiye sukulu yake? Ine ndingakulembere tambiri ndi khala, ulere."

"Agogo, inu khalani pansi, mwatopa ndi kusuzumira pazenera."

Anandifotokozera kuti kusukulu kwawo amatenga kanthu kena ka m'kachilombo ka malungo n'kukaumitsa mpaka kakhale kamwala kochepa kuposa njere ya shuga. Kamwalako amakatumiza kunja, komwe amakawomba ndi ekisireyi, yonga ya kuchipatala koma yaukali, akukazunguza pang'onopang'ono. Kuwalako kukagunda kamwala kumamwazika n'kusiya timadontho pa zithunzi zambirimbiri. Kompyuta iyenera kupeza mizere yomwe timadonthoto tayalidwa, ndipo ikaipeza, anthu amadziwa maonekedwe a kanthu kaja ndi poti mankhwala angakagwire. Koma yake inali kukana kuipeza mizereyo.

Ndinafunsa kuti kamwalako kali kuti, ndikaone. Ati kanapsa ndi ekisireyi. Ndinafunsa yemwe anakaona kupatula iye. Ati aphunzitsi ake. Aphunzitsiwo ali kuti? Ali ku Lusaka. Mwaona? Mbuzi yafa, chikopa chapsa, mboni ili kutali.

Masiku otsatira ndinakhala naye patebulo pomwepo, poti kubisala kunalibenso phindu. Anachotsa zithunzi zakumapeto, ati pamenepo kamwala kanali katayamba kupsa. Makina anakana. Anaphimba timikombero tina totuwa, ati n'ta madzi oundana omwe anakuta kamwalako pokaziziritsa. Makina anakana. Magetsi anazima, atabwera makina anakananso. Ine ndinali nditayamba kukonza mawu okauza atate ake, aulemu koma olasa.

Tsiku lina masana mnzake wa kusukulu anamulembera pafoni kuti aone pakati. Pachithunzi chilichonse pali malo pomwe kuwala kunadutsa molunjika, ndipo kompyuta imayeza timadontho tonse kuchokera pamenepo. Malowo amauzidwa ndi manambala awiri, yopingasa ndi yotsika. Anayang'ana, n'kupeza kuti manambalawo anabwera atasinthana mipando. Anawabweza. Malembo ofiira sanabwerenso. Pa kadontho kalikonse panagwa kabokosi kake, ndendende, ngati mbewu m'phando.

Iye anavina pang'ono. Ine sindinavine. Ndagulitsapo mtedza kwa mavenda, ndimadziwa kuti sikelo imene yakukomera mwadzidzidzi ndiye yofunika kuiopa. Ndinamuuza kuti abwezere manambala olakwika aja ndione. Anandiyang'ana ngati ndamupempha kuti athire mchenga mu ndiwo, koma anachita. Makina anakana. Anakonza, makina anavomera. Ndinati asokonezenso, koma ulendo uno ndidine ndine. Ndinadina ndi chala changa chino, ndipo makina anandikana ine, mkulu wa mpingo.

Komabe mtima sunakhale pansi.

"Ngati amavomera ukawauza zowakomera, tidziwa bwanji kuti sukungowanyengerera?"

Ndinkayesa akwiya. M'malo mwake anatembenuza mpando n'kundiyang'ana bwinobwino. Anati funso limenelo ndi lomwe aphunzitsi ake amamuzunza nalo. N'chifukwa chake kutsogolo kwa ntchitoyi amapatula timadontho tina n'kutibisa, kompyuta isatigwiritse ntchito. Ikamaliza kumanga chithunzi chake, amatulutsa tobisika tija n'kuona ngati tikugwirizana nacho. Tikakana, ndiye kuti wadzinamiza yekha, ayambirenso. Ndinafunsa ngati tingakanedi. Anati inde, n'kutheka ndithu, koma ntchito yake sinafike pamenepo.

Pamenepo ndinagonja. Munthu wabodza sakuuza pomwe ungamugwirire.

Madzulo ndinaimbira atate ake. Anafunsa ngati mwanayo wakhoza. Ndinati zokhoza sindikudziwa, iyenso sakudziwa, koma sukulu akuphunzira, ndipo ndi sukulu ya anthu osakhulupirira chilichonse, yomwe ine ndikanaipeza ndili mnyamata bwenzi ndili pulofesa. Anang'ung'udza za mtedza womwe ukuyamba kumera m'nthaka. Ndinati apemphe anansi, mtsikanayu akwera basi.

Pogona ndinauza akazi anga kuti mlandu ndauweruza mwanzeru, koma pali kanthu kamodzi kakundivutabe: mnzake wolemba pafoni uja, wodziwa msanga pomwe pali vuto, ndi wamwamuna kapena wamkazi? Mayiwo anakoka bulangeti lonse kumbali kwawo.

"Inu abambo, mawa mudzuke msanga mukamusenzere mwana chikwama mpaka pa siteshoni. Ndipo mukafika mungomutsanzika, osayamba kufunsa dalaivala laisensi."