Bulawuzi Yoyera ya Azakhali

Ndinadzuka kusanache, mwana akufunafuna bere. Ndinali nditagona pamphasa pakati pa amayi ena m'nyumba ya azakhali, kumtunda kwa doko. Nyimbo zinali zitaleka. Amayi amene anachezera kuimba anali atatsamira khoma, ena akuwodzera mabuku a nyimbo ali m'manja. Panja amuna ankasonkhezera moto, ndipo mvula inali itayamba kuwaza monga imachitira kwathu kuno.

Amene tinkawalira anali mlongo wa bambo anga. Kwathu timati ankhazi. Anali telala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika kuyambira ine ndisanabadwe. Nditasiya sukulu mu Sitandade 6 ndiwo ananditenga. Ndinkakoleza makala a simbi, kusita, kuika mabatani ndi kupinda masiketi. Kukakhala kopanda anthu ankandikhazika pamakina n'kundipatsa tizidutswa ta nsalu. Koma pakafika munthu wofuna kuyezedwa ndinkathawira kuseri kwa zitenje zopachika. Ndine wamanyazi chibadwire. Iwo ankangoseka, amvekere: "Iwe, tepi siluma!"

Bambo a mwana wanga anapita ku Joni, ndipo mafoni awo anayamba kutalikirana mpaka zii. Achimwene anga, amene ndi kalaliki ku Mzuzu, anali atandipezera ntchito ya m'nyumba kwa abwana awo. Anati maliro akaikidwa, m'mawa mwake tikwera limodzi minibasi, mwana ndimuletse kuyamwa n'kumusiya kwa amayi. Za makina anati ndiziiwale, utelala unatha ndi kaunjika, ndipo mwana wa azakhali, amene ndi mphunzitsi, adzawagulitsa. Sindinavomere, sindinakanenso. Chikwama changa chinali chomanga kale.

Kutayera, kuseri kwa nyumba kunayaka moto wambiri. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkangoyenda pansi n'kumatiliza kawiri. Ena ankasankha nyemba, ena ankasefa ufa wa kondowole, ena ankakwera chitunda ndi zidebe za madzi pamutu, mapazi akuterereka m'matope ofiira. Ine anandipatsa usipa kuti ndichotse mitu.

Anthu anayamba kufika. Abale a ku Usisya anabwera pa boti, zovala zili chonyowa. A ku Chintheche anatsika m'lole pamene tinaika masamba pamsewu. Kunabwera onyamula katundu a padoko, kunabweranso amayi ogulitsa nsomba, atasiya mabenchi awo opanda munthu. Ndikamadzutsa maso ndinkaona zovala zimene ndinazisitapo ndi manja anga. Diresi la maluwa achikasu la mayi wina ndinkalikumbuka: tinalimaliza tsiku lina magetsi a m'sitolo atazima, azakhali akuimba pang'onopang'ono, mapini ali kukamwa. Ndinaweramira m'lichero muja kuti anthu asaone nkhope yanga.

Amayi a kumpingo ovala zoyera analowa kuchipinda kukasambitsa thupi. Anakhalitsa. Kenako mtsogoleri wawo anasuzumira pakhomo n'kufunsa amene akudziwa kumene kuli sizasi. Anthu analoza ine.

M'chipindamo ndinapeza bulawuzi yoyera ya azakhali ili pabedi. Mayi wa kumpingo amapita kumanda ndi yunifolomu yake. Koma matenda anali atawatupitsa, ndipo bulawuziyo inkakana. Amayiwo anagwirizana kuti aidule kumsana, monga amachitira ena, popeza m'bokosi msana suoneka.

Sizasi ndinaitenga, koma dzanja langa linakana kuipereka. Mabulawuzi onse amene amayi aja anavala anasokedwa ndi munthu amene anagona pamenepoyo. Sankalola chovala kuchoka pakhonde ulusi ukulendewera, ngakhale mkati mosaoneka. Mawu anatuluka okha, aang'ono kwambiri.

"Ama, musadule. Ndiikulitsa."

Mtsogoleri uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe wobisala kuzitenje iwe? Abusa ali m'njira, ndipo kumanda madzi akulowa m'dzenje."

Kusoka pamanja kukanatichedwetsa. Makina anali pakona, ovundikira ndi chitenje chibwerere kumsika pamene azakhali anayamba kudwala. Koma kwathu katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka abale atakhala pansi, maliro ataikidwa. Anakaitana bambo aakulu, mkulu wa bambo anga. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, namvetsera. Pomaliza anati: "Makinawo ndi a malemuwa, ndipo akusokera mwini wake. Asoke."

Munthu woyamba amene ndinamuyeza pamoyo wanga anali azakhali. Amayi awiri anawadzutsa pang'ono kuti tepi idutse kumsana. Thupi linali lozizira, likununkhira sopo. Ndinayeza pachifuwa, m'chiuno ndi pamkono, monga ndinkawaonera ndili kuseri kwa zitenje.

Ndinamasula misoko ya m'mbali, n'kudula nsalu yoyera imene inatsala m'thumba la zidutswa. Nditaponda makina, panja ponse panati zii. Phokoso limenelo aliyense wa mumsika ankalidziwa. Mayi wina wogulitsa nsomba anafuula: "Mwe, ndimayesa adzuka!" Anthu anaseka, ndipo kuseka kuja kunasanduka kulira kumene sindinakumve usiku wonse.

Msoko woyamba unakhota. Ndinaumasula n'kuyambanso, amayi aja atandizungulira, wina akupuma pakhosi panga. Mwana wanga ankalira panja m'manja mwa munthu wina, mkaka ukunyowetsa chitenje changa. Koma mapazi anga anapeza kayendedwe kake. Kwa kanthawi ndinaiwala maso a anthu, ndinaiwala Mzuzu, ndinaiwala ngakhale kuti tili pamaliro. Kunatsala singano ndi nsalu basi. Ndinadula ulusi wonse wa mkati, n'kupempha makala a simbi.

Bulawuzi inalowa, mabatani onse anatseka. Mtsogoleri uja anasalaza kolala ndi chikhatho chake. Anangoti, "Yewo," osandiyang'ana.

Mwambo wa mapemphero unachitikira pansi pa lona wodontha. Atatsegula bokosi kuti anthu aone nkhope, ndinadutsa nawo pamzere. Azakhali anagona ngati mmene ankaonekera Lamulungu m'mawa, duku loyera litamangidwa bwino.

Njira ya kumanda ndi yokwera. Amuna ankalandirana bokosi, wina akaterereka mnzake n'kulowa m'malo. Amayi ovala zoyera anatsogola ndi nkhata za maluwa, nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono ngati mapazi athu. Maambulera anali ochepa, ambiri tinangofunda zitenje. Okumba manda tinawapeza akukapa madzi ndi chidebe. Pamene ankatsitsa bokosi mvula inakata, ndipo fungo la dothi linakwera. Ndinaponya dothi langa n'kubwerera m'mbuyo.

Potsika, mayi wina wa kumpingo anandikoka chitenje. Anati bulawuzi yake inang'ambika kukhwapa, adzandipeza pakhonde paja. Njira yonse ndinkaona khitchini ya anthu osawadziwa ku Mzuzu, ndi mwana wanga akulira usiku kwa amayi.

Madzulo anthu anabalalika. A pa boti anatsikira kudoko, miphika yobwereka inabwerera kwa eni ake. M'nyumba munatsala mphasa zopinda ndi fungo la utsi. Achimwene ndi mwana wa azakhali anakhala pakhonde, nsapato zawo zili matope okhaokha. Ndinawapatsa tiyi, n'kugwada chapatali, mwana ali kumsana.

"Achimwene, ku Mzuzu sindipita. Ndikufuna kusoka."

Achimwene anaika kapu pansi. Anati abwana awo akundidikira, adzawauza chiyani? Anati anthu masiku ano amangotola zovala pamulu wa kaunjika. Ndinati za kaunjikazo nazonso zimafuna wozichepetsa. Anati nanga munthu akabwera kudzayezedwa ndidzathawira kuti? Ndinati lero ndayeza.

Apa mwana wa azakhali analowererapo. Anati pamene anamva makina aja masana, anadziwa kuti sangathe kuwakweza m'galimoto la munthu wachilendo. Anati mawa abale akakhala pansi adzanena yekha kuti makinawo andisiyire.

Achimwene anayang'ana kumbali. Ndinkayesa akwiya. Kenako anavula jekete lawo lakuda n'kundiponyera pamiyendo.

"Thumba lamkati linabooka. Ndinyamuka m'mamawa, atelala."

Makina anali atavundikiridwanso, kudikira mawu a akuluakulu. Ndinagoneka mwana pamphasa, n'kukhala pafupi ndi zenera pamene kuwala kunali kusanathe. Ndinatembenuza jekete lija, ndinanyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, n'kuulowetsa m'singano.